Tiidziŵe Sola Tisanamasule Mfundo ya Pachitenje

 Sabata ino tiyeni tikambirane za sola, chipangizo chija chokolola magetsi kuchokera ku dzuŵa, chimene masiku ano chikuoneka pamadenga ambiri kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, kuyambira ku Chulu mpaka ku Chamama. Ena anganene kuti nkhani ya mawaya ndi mabatire njachimuna. Koma mdima wa m'nyumba amaudziŵa bwino ndi mayi. Ndiye amene amapakula nsima dzuŵa litaloŵa, ndiye amadzuka pakati pa usiku mwana akatentha thupi, ndiyenso amaona ana a sukulu akupinda makope msanga chifukwa tochi yafooka. Ndalama ya fodya imene imagula solayo nayenso adaikhetsera thukuta, kuyambira kuthirira kunazale, kuokera, kuthyola, kusoka, mpaka kusankha m'chigafa. Tsono nkoyenera kuti pogula mayi akhale ndi mawu, ndipo mawuwo akhale a munthu wodziŵa.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, amalonda nawonso amadziŵa kuti m'matumba mwa alimi mwaloŵa kanthu, ndipo mapanelo amayalidwa m'makhonde a masitolo ndi m'misika ya pamsewu, ena aakulu ena aang'ono, ena akuda ena obiriŵira ngati thambo, onse akunyezimira mofanana. Banja likagula chinthu chonyenga m'mwezi wa Meyi, lidzadikira chaka chathunthu kuti lipezenso ndalama yokonzera cholakwacho. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nchifukwa chake lero tiyamba ndi kuona zimene zili m'kati mwa panelo, kenaka tione kayerekezedwe ka mitengo.

Chifukwa chake sola yafala

Pa kalembera wa chaka cha 2018 kudapezeka kuti boma lathu la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko lonse la Malaŵi, mwa mabanja 10 alionse, ndi limodzi lokha kapena kupitirira pang'ono limene linkaunikira nyumba ndi magetsi, pamene oposa theka ankadalira tochi ya mabatire. Ngakhale iwo amene adalumikizidwa ku mawaya a ESCOM akudziŵa kuti magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Amayi a m'tauni akukumbukira bwino kuzimazima kwa magetsi kwa masiku amenewo.

Boma nalonso latembenukira ku dzuŵa. Mu Novembala 2021 ku Nanjoka, m'boma la Salima, kudatsegulidwa munda wa mapanelo wa mamegawati 60, ndipo mu 2022 wina wa mamegawati 20 udayamba ntchito ku Golomoti, m'boma la Dedza. Panelo imene ili padenga la mnzanu ndi ya mtundu womwewo, kusiyana kwake nkuchuluka chabe.

Ife a ku Kasungu sitili alendo pa nkhani yodzipezera magetsi. Cha m'ma 2002, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, ali mnyamata wa zaka 14 amene adalekezera sukulu panjira kaamba ka njala, adamanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugama, nayatsa babu m'nyumba ya makolo ake. Nzeruzo adazipeza poŵerenga buku la m'laibulale ndi kuyang'anitsitsa zithunzi zake. Ngati mwana wathu adamvetsa zimenezo, ifenso tikhoza kumvetsa kapepala komatidwa kuseri kwa panelo.

Mmene panelo amaipangira

Chiyambi cha panelo ndi mwala woyera wonyezimira ngati nsangalabwi, wa mtundu womwewo wa mchenga wa kudambo. M'mwalamo muli chinthu chotchedwa silikoni. Kufakitale amasakaniza mwalawo ndi makala, nkuuika m'ng'anjo ya magetsi yotentha madigiri pafupifupi 2,000, kufikira silikoniyo atapatukana ndi zina. Koma akatuluka m'ng'anjomo amakhala adakali ndi zitsotso. Amamuyeretsanso ndi mankhwala mpaka mwa magawo 1,000,000 patsale gawo limodzi lokha la chinthu chachilendo, mwinanso osafika. Ntchito yoyeretsayi imadya magetsi ochuluka zedi, ndipo ndi imodzi mwa zimene zimakweza mtengo.

Akatero amasungunulanso silikoni woyerayo pa madigiri oposa 1,400. Apa ndi pamene pamasiyanira mitundu iŵiri imene mumaimva m'sitolo, mono ndi poli. Popanga mono amaviika kachidutswa kakang'ono ka silikoni m'phala lotenthalo nkumakakweza pang'onopang'ono kakuzungulira, monga mmene phala limamatirira ku mthiko pouvuula. Phalalo likamazizira limasanduka mtanda umodzi wautali wonga musi waukulu, wopanda msoko m'kati. Njira imeneyi adaitulukira ndi Jan Czochralski wa ku Poland m'chaka cha 1916. Popanga poli amangothira phalalo m'chikombole cha makona anayi nkulisiya kuti lizizire, monga timachitira ndi chikondamoyo m'chitini. Njira iyi njosavuta, koma m'kati mwake mumakhala misoko yambirimbiri imene imachedwetsa magetsi.

Mtandawo amaucheka ndi waya wopakidwa fumbi la dayamondi, nkukhala timapande topyapyala ngati mapepala aŵiri a m'kope ophatikiza. Timapandeto amatiloŵetsa mankhwala aŵiri, boroni ndi fosiforasi, wina mbali iyi wina mbali inayo, kuti kuŵala kwa dzuŵa kukagwerapo magetsi ayendere njira imodzi. Pamwamba amapakapo utoto wochepa wothandiza kuti kuŵalako kusabwerere, ndi kulembapo timizere ta siliva totolera magetsiwo. Kapande kotere kakatha amakatcha selo. Timabwalo ta makona anayi timene mumationa pa panelo ndiwo maselowo.

Selo limodzi limatulutsa mphamvu yochepa, theka la volti kapena kupitirira pang'ono. Choncho amawalumikiza mondondozana ngati mikanda pa ulusi. Panelo yotchajira batire ya mavolti 12 kaŵirikaŵiri imakhala ndi maselo 36. Mkanda wa maselowo amauyala pakati pa mapepala aŵiri a pulasitiki womata, pamwamba galasi lolimba, pansi chinsalu cha pulasitiki choteteza ku madzi, nkuziotcha pamodzi m'makina ochotsa mpweya kuti chinyezi chisaloŵe. Pomaliza amaikako felemu ya aluminiyamu ndi kabokosi ka mawaya kuseri, ndipo panelo iliyonse amaiyesa ndi nyale yoŵala ngati dzuŵa kuti adziŵe mawati ake enieni.

Mafakitale odziŵika amasankha maselo monga timasankhira fodya, abwino pawokha, osweka ndi ofooka pawokha. Otsalirawo satayidwa onse. Alipo ena amene amawagula motsika mtengo, nkuwaika m'galasi lopyapyala ndi pulasitiki wosalimba, nkumatapo kapepala kolembedwa mawati ochuluka. Panelo yotere tsiku loyamba imayatsa babu ndithu, koma pakapita mvula imodzi kapena ziŵiri madzi amaloŵa, maselo amachita dzimbiri, mphamvu nkumatsika.

Kumene mtengo umachokera

Selo loyamba la silikoni logwira ntchito bwino lidapangidwa m'chaka cha 1954 ku Bell Laboratories ku America, ndipo linkasandutsa magetsi magawo 6 okha mwa magawo 100 a kuŵala kwa dzuŵa. Nthaŵi imeneyo mtengo wake udali wosayandikirika, kotero kuti ntchito yake yaikulu idali pa zombo za mumlengalenga, monga Vanguard 1 ya m'chaka cha 1958. M'chaka cha 1977 wati imodzi inkagulidwa madola oposa 70. Pofika 2024, mtengo wa pafakitale ku China udali utatsika mpaka kusafika masenti 15 a ku America pa wati, pamene mapanelo a mono a masiku ano amakolola magawo oposa 20 mwa 100. Bungwe la International Energy Agency lidalengeza mu 2022 kuti dziko la China linkagwira magawo oposa 80 mwa 100 a ntchito yonse yopanga mapanelo pa dziko lapansi. Choncho wamalonda akakuuzani kuti yake njodula chifukwa si ya ku China, musafulumire kukhulupirira. Makampani aakulu monga LONGi, JinkoSolar, Trina Solar ndi JA Solar onse ndi a ku China, ndipo kumeneko kumachokera zabwino ndi zoipa zomwe.

Mwina mufunsa kuti, nanga ngati kunja mtengo ukutsika, bwanji kuno ukukwera? Panelo imagulidwa ndi madola, imayenda pa nyanja mpaka ku madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, nkukwera galimoto mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kenaka kufika kuno, ndipo aliyense woigwira amaikapo phindu lake. M'chaka cha 2019 boma lidachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola, koma kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 mwa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mwa 100 mu Novembala 2023. Mtengo umene mnzanu adagulira chaka chatha sungakuthandizeni chaka chino. Chimene chingakuthandizeni ndi njira yoyerekezera, pakuti njirayo siisintha.

Kuyerekeza mitengo

Lamulo loyamba nlakuti tisayerekeze panelo ndi panelo, koma wati ndi wati, monga momwe sitifunsa mtengo wa thumba la chimanga tisanadziŵe ngati ndi la makilogalamu 50 kapena 90. Tengani mtengo, muugaŵe ndi mawati. Tiyerekeze chabe kuti sitolo ina ikugulitsa panelo ya mawati 100 pa K90,000, ndipo ina ikugulitsa ya mawati 150 pa K120,000. Yoyambayo wati imodzi ikugwa K900, yachiŵiriyo K800. Imene ikuoneka yodula ndiyo yotsika mtengo. Foni iliyonse ili ndi poŵerengera, ndipo masamu aŵa ndi a Sitandade 5.

Lamulo lachiŵiri nlakuti mawati olembedwawo tiwayese ndi kukula kwa panelo, pakuti dzuŵa silinama. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amalandira mawati pafupifupi 1,000 a kuŵala masana kukakhala kopanda mtambo, ndipo panelo yabwino imakololapo mawati 200 kapena kupitirira pang'ono. Muyeso wake mwauvala kale m'chiuno. Panelo ya mono yaikulu ngati chitenje chimodzi cha mamita aŵiri imatulutsa mawati a pakati pa 400 ndi 500. Mukachipinda chitenjecho kaŵiri, kuti chikhale gawo limodzi mwa magawo anayi, mwapeza msinkhu wa panelo ya mawati 100 kapena 120. Ya poli imafuna malo okulirapo kuti ifike pa mawati omwewo. Tsono wina akakuonetsani panelo ya msinkhu wa chitenje chopinda kanayi nanena kuti ndi ya mawati 200 kapena 300, dziŵani kuti kapepalako kakunama. Tiyerekeze kuti akuigulitsa K100,000 nati ndi ya mawati 200. Pa masamu ikuoneka ngati K500 pa wati, koma popeza mawati ake enieni ndi 100, mukulipira K1,000 pa wati, kuposa masitolo aŵiri aja.

Lamulo lachitatu nlakuti tiitembenuze panelo ndi kuŵerenga kuseri. Pakapepalapo payenera kukhala dzina la kampani, nambala yakeyake ya paneloyo, ndi zilembo zitatu izi: Pmax, Vmp ndi Imp. Pmax ndiwo mawati. Mukachulukitsa nambala ya Vmp ndi ya Imp, yankho lake liyenera kufanana ndi Pmax. Pa panelo ya mawati 100 mudzapeza Vmp ili pafupi ndi 18 ndipo Imp ili pafupi ndi 5.5, ndipo mukachulukitsa mupeza 99. Manambala akasemphana kwambiri, isiyeni. Yang'ananinso chizindikiro cha IEC 61215, umene ndi muyeso wa maiko onse woyesera kulimba kwa mapanelo, ngakhale kuti onyenga ena amachilembanso. Kapepala komatidwa pamwamba pa kanzake, kapena kofutika mukakapaka chala chonyowa, nkokayikitsa.

Lamulo lachinayi ndi maso ndi manja anu. Ionetseni paneloyo kudzuŵa. Maselo onse akhale a mtundu umodzi, opanda mng'alu, opanda thovu la mpweya pansi pa galasi, opanda banga lachikasu. Felemu ikhale yolimba, yosapindika mukainyamula pa ngodya. Kabokosi ka kuseri kakhale komatidwa bwino, mawaya ake onenepa. Pemphani wogulitsa aiyese ndi mita panja inu mukuona. Panelo ya batire ya mavolti 12 ikakhala padzuŵa isanalumikizidwe, mita imaonetsa mavolti 21 kapena 22. Koma mavolti okha sakwanira, pakuti ngakhale panelo yofooka imawaonetsa. Muuzeni ayesenso maampu, ndipo masana kukakhala dzuŵa loswa mtengo nambalayo iyandikire imene yalembedwa kuseri. Wamalonda woona sakana kuyesa.

Za mono ndi poli, musavutike nazo mtima kwambiri. Mono njakuda ndipo imakolola zambiri pa malo ochepa. Poli njobiriŵira ngati thambo, yooneka ngati magalasi oswekasweka m'kati. Mafakitale aakulu ambiri adaleka kupanga poli, kotero mukaipeza iyenera kukhala yotsikirapo mtengo pa wati. Mawati 100 enieni ndi mawati 100, kaya ndi a mono kaya ndi a poli.

Walira mvula walira matope

Panelo payokha siyatsa nyale usiku. Imafuna batire yosungira magetsi, leguleta yoteteza batireyo kuti isadzaze mopitirira kapena kutheratu, mawaya, fyuzi ndi mababu. Ofuna kugwiritsa ntchito zipangizo zopangidwira magetsi a ESCOM amafunanso invata. Mabanja ambiri amathera ndalama yonse pa panelo yaikulu nkugula batire ya galimoto yakale, nkulumikiza popanda leguleta. Pakatha miyezi yoŵerengeka batire yafa, ndipo mlandu umagwera dzuŵa. Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena 25, koma batire ya asidi imatha zaka ziŵiri kapena zitatu, kupitirira apo pokhapokha itasamalidwa bwino. Batire ya galimoto idapangidwira kulizira injini kwa kamphindi, siidapangidwire kuyatsa nyale usiku wonse. Funsani batire ya sola. Ya lithiyamu njodula pogula koma imakhalitsa, ndipo mukaŵerengera zaka zake mtengowo umatsika.

Musanapite ku sitolo, khalani pansi ndi bambo a kunyumba mulembe zimene mukufuna kuyatsa. Chulukitsani mawati a chinthu chilichonse ndi maola amene chidzayaka. Mababu anayi a mawati 5 oyaka maola asanu akupereka 100. Wailesi ya mawati 5 yolira maola asanu ndi limodzi ikupereka 30. Mafoni aŵiri tiwaike pa 20. Kanema wamng'ono wa mawati 30 woonera maola atatu akupereka 90. Zonse pamodzi ndi 240 pa tsiku. Kuno kwathu dzuŵa lamphamvu tingaliŵerengere maola asanu pa tsiku, choncho panelo ya mawati 100 ikadapereka 500, koma gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika ndi kutentha, fumbi, mawaya ndi batire, nkutsala pafupifupi 330. Ndiye kuti panelo ya mawati 100 ikukwanira banja limeneli, nkutsalako pang'ono pa masiku a mvumbi. Batire ya mavolti 12 yolembedwa 50Ah imasunga 600, koma ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, kotero mungatapemo 300 okha. Imeneyo ndiyo yaing'ono kwambiri imene banjali lingagule, ndipo yokulirapo ingakhale bwino.

Simbi yositira, ketulo ndi mbaula ya magetsi, chilichonse chimadya mawati 1,000 kapena kuposa. Sola yaing'ono ya pakhomo siingazithe. Wogulitsa akakulonjezani kuti mudzaphikira nyemba pa panelo imodzi yaing'ono, tsanzikani mwaulemu.

Kugula kamodzi kapena kulipira pang'onopang'ono

Alipo makampani, monga Yellow, Zuwa Energy ndi SunnyMoney, amene afalitsa m'dziko muno nyale ndi timasola tobwera m'bokosi limodzi, panelo, batire, mababu ndi potchajira foni zili pamodzi. Zambiri mwa izo munthu amapereka chikole, nkumalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ubwino wake ngwakuti zipangizozo adazilinganiza kale kuti zigwirizane, ndipo zikaonongeka pali kokadandaula. Koma muŵerengere mtengo wonse musanasaine. Tiyerekeze chikole cha K30,000 ndi K15,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 24. Mukaphatikiza mupeza K390,000. Funsani kuti mutalipira kamodzi mtengo ukadakhala wotani, ndipo kusiyana kwake ndiko chiwongoladzanja chimene mukupereka.

Kumbukiraninso kuti ambiri mwa makina otere amadzitseka okha mukaleka kulipira. Mu Juni ndalama ya fodya ikadalipo kulipira nkosavuta. Nanga mu Januwale ndi Febuluwale, ufa utachepa, feteleza akufunika, fizi ya ana ikudikira? Funsani chimene chimachitika mukadumphitsa mwezi, ndipo yankho lake likhale lolembedwa papepala. Ngati nkotheka, lipiriranitu miyezi ya njala ndalama zikadali m'manja. Pa timasola ta m'bokosi funsaninso ngati tidayesedwa ndi bungwe la VeraSol, limene limayesa zipangizo zotere kuti lione ngati zolembedwa pabokosi nzoona.

Lisiti ndi chitsimikizo

Safunsa adadya phula. Musachoke m'sitolo popanda lisiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa panelo, mawati ake ndi nambala yake. Makampani aakulu amalonjeza kuti panelo yawo idzakhala ikutulutsabe magawo 80 mwa 100 a mphamvu yake, kapena kuposa, patatha zaka 25. Koma lonjezo la fakitale ya kutsidya kwa nyanja silingakupindulireni ngati amene adakugulitsani adayala katundu wake pansi tsiku la msika, maŵa lake nkusamukira kwina. Funsani kuti iye mwini akukupatsani chitsimikizo cha miyezi ingati, ndipo alembe pa lisitipo. Bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi olumikiza zipangizo za sola, ndipo si mwano kupempha kuti muone chiphasocho. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayang'anira miyeso ya katundu, ndipo amene wanyengedwa pa malonda akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission. Konseko chimene adzayambe kukufunsani ndi lisiti. Isungeni pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana.

Kusamala chimene mwagula

Dziko lathu lili kumwera kwa mzere wogaŵa dziko lapansi pakati, choncho panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, madigiri ngati 15, kuti madzi a mvula azitsetsereka ndi kutsuka fumbi. Pakati pa panelo ndi malata pakhale mpata wopita mphepo, chifukwa panelo ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsika. Peŵani mthunzi. Popeza maselo adalumikizidwa ngati mikanda, mthunzi wa nthambi ya mango pa maselo aŵiri okha ukhoza kufooketsa mzere wonse. Fumbi la kuno ku Kasungu la mu Ogasiti mpaka Okutobala mukulidziŵa. Pukutani galasi ndi madzi oyera ndi kansalu kofeŵa m'mamaŵa lisanatenthe, osakwecha ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi miphika. Imangeni ndi mabauti olimba, chifukwa cha mphepo ndi akuba omwe.

Batire ya asidi ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, ndiponso osati m'chipinda chogona ana, pakuti ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Ikatha ntchito musalole ana kuiswa kapena kuseŵera ndi za m'kati mwake. Muli mtovu, umene ndi poizoni woononga ubongo wa mwana. Ibwezeni kwa ogulitsa mabatire.

Mutu umodzi susenza denga

Ife amayi tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito mokwanira, ndiwo magulu athu. M'mabanki a m'khonde ndi m'magulu a chipereganyu timadziŵa kale kusunga ndalama ndi kulemba m'buku. Tsono amayi asanu kapena khumi ofuna sola akhoza kutuma aŵiri kuti ayende masitolo atatu kapena anayi ku Kasungu boma, ngakhale kufunsa pafoni ku Lilongwe, nkulemba m'kope mizere isanu: dzina la kampani, mawati, kukula kwake, mtengo pa wati, ndi miyezi ya chitsimikizo. Pogula pamodzi mukhoza kunenerera mtengo, kugaŵana ndalama ya mayendedwe, ndi kuitana mmisiri mmodzi wachiphaso kuti alumikize nyumba zonse. Pitaninso kwa anzanu amene akhala ndi sola zaka ziŵiri kapena zitatu mukaone ngati ikadayakabe, ndi kumva kuti batire asinthapo kangati.

Kunyumba nkhaniyi muikambe mwaulemu ndiponso nthaŵi ikadalipo, mabelo asanapite ku okushoni, osati tsiku limene bambo abwera ndi katundu pa njinga. Muwaonetse masamu a mababu aja, muwauze za muyeso wa chitenje, ndipo muwapemphe kuti tsiku logula mupitire limodzi. Chakudya, feteleza ndi fizi zikhale patsogolo. Ndalama ikachepa, ndi bwino kuyamba ndi nyale imodzi yabwino yotchajanso foni, chaka chamaŵa nkuonjezera, kusiyana ndi kugula chachikulu chonyenga. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Dulani tsamba lino mulisunge, ndipo pa msonkhano wa gulu lanu wa mwezi uno muŵerengere amayi amene sadziŵa kuŵerenga, kuti nawonso tsiku logula akapite ku sitolo ali ndi kope, foni yoŵerengera ndi chitenje choyezera.